Kulowetsa makodineti mu AutoCAD: tepi yanu mwaikola pati?

Mmisiri akafika pamalo oti amange nyumba, amayamba wakhoma chikhomo chimodzi. Kuchokera apo ali ndi njira ziwiri zoyezera. Akhoza kukola tepi pachikhomo choyambacho n'kumayeza ngodya iliyonse ya nyumba kuchokera pomwepo, osaisuntha. Akhozanso kuyeza khoma loyamba, n'kukhoma chikhomo chachiwiri, n'kusamutsira tepi pamenepo, n'kumapita choncho mpaka atazungulira nyumba yonse. Mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pakompyuta, malo a mfundo iliyonse amalembedwa ndi manambala otchedwa makodineti, ndipo njira yoyambayo imatchedwa absolute, yachiwiriyo relative.

Pamalo omanga, maso amaona pamene tepi yakoledwa. Pakompyuta sizioneka. Mukalemba 4000,0 pulogalamu sikufunsani kuti mukuyeza kuchokera pati. Imangosankha molingana ndi mmene yatcheredwera, ndipo manambala omwewo akhoza kukafika malo awiri osiyana. Ophunzira ambiri amene ndakhala nawo pambali amaganiza kuti masamu ndiwo awavuta, chonsecho masamu awo ali bwinobwino. Chawasokoneza ndi batani limodzi la F12. Tiyeni tijambule chipinda chimodzi katatu, muone nokha.

Konzani kaye poyambira

Tsegulani chojambula chatsopano posankha acadiso.dwt, chifukwa ndiyo yokonzedwera mamilimita. Lembani UNITS n'kudina Enter, muonetsetse kuti Length ili pa Decimal ndipo Angle ili pa Decimal Degrees. Kenako dinani F12 mpaka Dynamic Input itazima. Mudziwa kuti yazima mukayamba kulemba: zilembo zizioneka pansi pa sikirini, pamzere wa malamulo, osati m'kabokosi koyenda ndi mausi. Tiiyatsanso kutsogoloku.

Mfundo zitatu za kalembedwe muzisunge, chifukwa zimagwetsa anthu asanafike n'komwe pankhani ya absolute ndi relative. Nambala yoyamba ndi X, yopita kumanja. Yachiwiri ndi Y, yokwera m'mwamba. Pakati pake pamakhala mpatuliro. Musasiye mpata mukalemba mpatulirowo, popeza mu AutoCAD batani la mpata limagwira ntchito ngati Enter, ndiye lamulo lanu lidzatumizidwa lisanathe. Ndipo musalekanitse masauzande ndi mpatuliro monga timachitira polemba ndalama. Mukalemba 1,500 mukutanthauza mamilimita 1500, pulogalamu imva kuti X ndi 1, Y ndi 500. Zidutswa za nambala zimalembedwa ndi kadontho: 12.5.

Chipinda choyamba: zonse kuchokera pa 0,0

Chipinda chathu ndi cha mamilimita 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo ngodya yake ya pansi kumanzere tiika pa 1000,1000. Lembani L n'kudina Enter kuti muyambe lamulo la LINE, kenako lowetsani izi, mukudina Enter pakutha pa mzere uliwonse:

1000,1000
5000,1000
5000,4000
1000,4000
C

Chilembo C chimatseka, chimalumikiza pomwe muli ndi poyambira paja. Ngati simukuona kanthu, lembani Z, Enter, E, Enter, chojambula chonse chibwere pa sikirini.

Taonani kuti pamanambala onsewa palibe pamene mwalemba 3000, komanso 4000 amene mwalembayo si kutalika kwa khoma. Mwachita kuphatikiza m'mutu: 1000 kuphatikiza 4000 ndi 5000, 1000 kuphatikiza 3000 ndi 4000. Ndiwo mtolo wa absolute. Pachipinda cha ngodya zinayi n'zopepuka, koma panyumba ya zipinda zisanu, ya makoma okhuthala mamilimita 230 ndi ena 115, mudzatopa ndi kuphatikizako ndipo penapake mudzaphonya.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sitinayambire pa 0,0. Ndachita dala. Mukayambira pa 0,0 n'kulemba 4000,0, njira ziwiri zonsezi zimakufikitsani malo amodzi, ndiye wophunzira amakhulupirira kuti zili bwino pamene sakudziwa njira imene akugwiritsa ntchito. Cholakwa chimadzaonekera pakhoma lachiwiri, iye n'kumafufuza vuto pamalo pomwe palibe vuto.

Chipinda chachiwiri: kuchokera pamene mwaima

Fufutani chipinda choyambacho. Yambaninso LINE, mulowetse izi:

1000,1000
@4000,0
@0,3000
@-4000,0
C

Chizindikiro cha @ chimauza pulogalamu kuti: yeza kuchokera pa mfundo imene ndaika komaliza. Tsopano manambala amene mukulemba ndi omwewo ali papepala la kasitomala kapena m'kabuku kamene munalembamo miyeso, popanda kuphatikiza. Kupita kumanzere X imakhala ndi chizindikiro chochotsera, kutsika pansi Y imateronso. N'chifukwa chake khoma lachitatu lili @-4000,0.

Yesani kulakwitsa mwadala kamodzi, kuti mudzachizindikire chikadzakuchitikirani. Yambani pa 1000,1000 n'kulemba 4000,0 popanda @. Mzere utsetserekera pansi chakumanja, kukafika pamalo amene X ndi 4000 ndipo Y ndi 0. Musadine Esc. Lembani U n'kudina Enter mukadali m'lamulo la LINE. Chidutswa chomalizacho chichoka, inu n'kupitiriza pomwe munali.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya pulani ya nyumba, iyi ndiyo njira imene ndimagwiritsa ntchito kwambiri. Koma ili ndi chilema chimene muyenera kuchidziwa. Mukalakwitsa nambala imodzi mu absolute, ngodya imodzi yokha ndiyo imapita kolakwika, zinazo zimakhala m'malo mwake. Mukalakwitsa mu relative, ngodya zonse zotsatira zimasuntha limodzi, monga mmene zimakhalira chikhomo chachiwiri chikakhomedwa pakhota: makoma onse oyezedwa kuchokera pamenepo amatengera.

Choopsa china ndi C. Amatseka chilichonse, cholondola ndi cholakwika chomwe, ndipo khoma lomaliza likapendekeka ndi mamilimita 100 panyumba ya mamita 9, diso silingaone. Choncho pojambula chinthu cha ngodya zambiri, lembani khoma lomaliza ndi manambala ake, muone ngati likukafika poyambira. Yesani ndi nyumba yokhota iyi, kuyambira pa 1000,1000:

@9000,0
@0,4500
@-3600,0
@0,3000
@-5400,0
@0,-7500

Musanalowetse n'komwe mukhoza kuyesa papepala. Ma X onse akaphatikizidwa ayenera kupereka 0: 9000 kuchotsa 3600 kuchotsa 5400. Ma Y nawonso: 4500 kuphatikiza 3000 kuchotsa 7500. Akapanda kupereka 0, ndiye kuti muyeso wina unalembedwa molakwika kumalo komwe munakayeza, ndipo kuli bwino kudziwa zimenezi tsopano kusiyana n'kudzamva kwa womanga.

Chipinda chachitatu: mtunda ndi kolowera

Nthawi zina simudziwa X ndi Y, koma mukudziwa kutalika kwa mzere ndi kumene walunjika. Apa mumalemba mtunda, chizindikiro cha <, kenako madigiri. Njirayi imatchedwa polar. Chipinda chomwe chija chikhala chonchi:

1000,1000
@4000<0
@3000<90
@4000<180
C

AutoCAD imawerenga madigiri kuyambira kumanja, kumene ndi 0, n'kumazungulira mobwerera, mosemphana ndi mivi ya wotchi. M'mwamba ndi 90, kumanzere 180, pansi 270. Phaso la denga lotalika 3500 lopendekeka madigiri 25 mulemba @3500<25, ndipo la mbali inayo, poyambira pakhoma la kumanja kukwera chakumanzere, ndi @3500<155, chifukwa 180 kuchotsa 25 ndi 155.

Musaiwale @ pano. Mukalemba 3500<25 yokha F12 ili chizimire, mtundawo uyezedwa kuchokera pa 0,0, osati pakhoma lanu.

Amisiri omanga amadziwa 3-4-5 poongola ngodya ya maziko ndi chingwe. Igwiritseni ntchito kudziyesa: jambulani mzere wa @3000,4000, lembani DI, lamulo loyezera mtunda, n'kudina Enter, sankhani nsonga zake ziwiri. Kutalika kukhala 5000, ndipo kupendekeka pafupifupi madigiri 53.13.

Pamizere yowongoka pali njira yachidule. Yatsani Ortho ndi F8 (imachititsa kuti mzere uzingopita kumanja, kumanzere, m'mwamba kapena pansi), lozani mausi kumene mukupita, lembani 4000 yokha n'kudina Enter. Imeneyinso ndi relative, kungoti kolowera mwasankha ndi dzanja. Onetsetsani kuti Ortho yayakadi, apo ayi mzere utsata pomwe mausi ali, ngakhale atapatuka pang'ono.

Tsopano yatsani F12

Apa ndi pamene pagona nkhani. AutoCAD inatuluka koyamba mu 1982, ndipo kwa zaka zoposa 20 lamulo linali limodzi: popanda @ ndi absolute, ndi @ ndi relative. Mu AutoCAD 2006 kampani ya Autodesk inabweretsa Dynamic Input, kabokosi kolembamo koyenda ndi mausi. M'kabokosi kameneka lamulo lija linatembenuzidwa. Mfundo yoyamba ikadali absolute, koma yachiwiri ndi zotsatira zake zimatengedwa ngati relative ngakhale musalembe @. Mabuku ndi zolemba zambiri zophunzitsira zimatsatabe lamulo lakale, pamene pulogalamu yongoikidwa kumene imabwera Dynamic Input ili yoyaka. Wophunzira amakopera ndendende zimene zili m'buku, n'kupeza chinthu chosiyana ndi chithunzi cha m'bukumo.

Dziwonereni. F12 ili chiyakire, lowetsaninso manambala a chipinda choyamba aja. Mfundo yoyamba ifika bwino pa 1000,1000. Mukalemba 5000,1000 pulogalamu iphatikiza ndi pomwe muli, n'kukafika pa 6000,2000. Mukalemba 5000,4000 ifika pa 11000,6000. Yomaliza, 1000,4000, ikakutulani pa 12000,10000. M'malo mwa chipinda mupeza mzere wokhotakhota wokwera chakumanja. Dinani F2 muone mbiri ya malamulo: mupeza @ patsogolo pa manambala amene inu munawalemba opanda @. Pulogalamu yaika yokha.

Pofuna absolute m'kabokosi kameneka, yambani ndi chizindikiro cha #:

1000,1000
#5000,1000
#5000,4000
#1000,4000
C

Chipinda chibwerera m'malo mwake.

Vutoli limaonekera kwambiri posuntha zinthu. Mukufuna kuti ngodya ya nyumba ikhale pa 0,0. Mwalemba M, mwasankha zinthu, mwadina ngodyayo ngati poyambira, mwalemba 0,0, Enter. Palibe chasuntha. Anthu amabwereza katatu kapena kanayi, ena mpaka kuzimitsa kompyuta. Pulogalamu yachita zimene yamva: suntha mtunda wa 0 kumanja ndi 0 m'mwamba. Lembani #0,0 nyumbayo ipita.

Mukhoza kusintha khalidweli. Lembani DSETTINGS, pitani pa Dynamic Input, dinani Settings pansi pa Pointer Input, musankhe Absolute coordinates. Kapena lembani DYNPICOORDS n'kuika 1. Mukaika 0 ibwerera ku relative. Ineyo sindikulimbikitsani kusintha, makamaka ngati kompyuta mumagawana ndi anzanu ku ofesi kapena ku sukulu ya ntchito zamanja, chifukwa wobwera pambuyo panu adzasokonezeka. Chizolowezi chimene ndimaphunzitsa n'chakuti pofuna relative lembani @ nthawi zonse, F12 iyake kapena izime, popeza @ amagwira ntchito konsekonse ndipo sawononga kanthu. Pofuna absolute, yang'anani kaye pamene zilembo zanu zikuonekera. Zikakhala m'kabokosi ka pa mausi, ikani #. Zikakhala pamzere wa pansi, lembani manambala okha.

Kuyeza kuchokera pa ngodya imene simunaimepo

Mukufuna kuyamba khomo pa mamilimita 230 kuchokera pa ngodya ya chipinda. Mfundo yomaliza imene munaika ili kwina, ndiye @ yekha sathandiza. Musajambule timizere tothandizira tomwe mudzaiwala kufufuta. Yambani LINE, ndipo ikakufunsani mfundo yoyamba lembani FROM n'kudina Enter. Dinani ngodyayo, F3 ili yoyaka kuti mugwire nsonga yeniyeni. Ikafunsa Offset lembani @230,0. Mzere uyambira pomwe mumafuna. Mbali inayo ya khomo la 900 muipeza chimodzimodzi ndi @1130,0.

Lamulo la ID limachitanso zofanana. Lembani ID, dinani ngodya. Pulogalamu ikuuzani X ndi Y ya pamalopo, ndipo imasunga malowo ngati mfundo yomaliza. Lamulo lotsatira likafunsa poyambira, @230,0 iyezedwa kuchokera pamenepo. Mukalemba @ yekha n'kudina Enter, muyambira pamalo omwewo.

Pa RECTANG napo, lamulo lojambulira chinthu cha ngodya zinayi kamodzi, ngodya yachiwiri muzilemba @4000,3000, kuti manambala akhale kukula kwa chipindacho.

Pamene absolute ilibe mnzake: mabikoni a puloti

Saveya akakupatsani makodineti a mabikoni, palibe zosankha. Manambala amenewo ndi absolute, ndipo ayenera kulowa momwemo. Ngati ali a UTM, njira ya makodineti yogawa dziko lapansi m'zigawo zotchedwa ma zone, dziko lonse la Malawi lili mu zone 36 ya kumwera, ndipo manambala ake ndi aakulu. Puloti ya ku Lilongwe ikhoza kukhala ndi Easting (muyeso wopita kum'mawa) ya cha m'ma 584000 ndi Northing (muyeso wopita kumpoto) ya cha m'ma 8454000, zonse m'mamita.

Chenjerani ndi dongosolo lake. Mapepala ena amayamba ndi Northing kenako Easting, pamene AutoCAD imafuna Easting poyamba, chifukwa ndiyo X. Musadalire malo a nambala patebulo, werengani mutu wa ndandanda. Ku Malawi kuno n'kosavuta kuzindikira: Easting ya UTM ili ndi manambala asanu ndi limodzi kadontho kasanafike, Northing ili ndi asanu ndi awiri ndipo imayamba ndi 8. Mukawasinthanitsa puloti imajambulika ndithu, kukula kwake n'kukhala komweko, koma imakhala yotembenuzidwa ngati pagalasi, msewu umene uli kum'mawa n'kupezeka kumpoto. Ndinaonapo pulani yotere itafika kale m'manja mwa mwini puloti, ndipo anazindikira ndi iyeyo, poona kuti geti layang'ana kwa neba.

Zimitsani F12, zimitsaninso F3 kuti pasakhale chokoka mfundo zanu. Lembani PL kuti muyambe PLINE, lamulo lojambula mizere yolumikizana ngati chinthu chimodzi, mulowetse bikoni iliyonse, mwachitsanzo 584210.35,8454118.60, n'kutseka ndi C. Pano C alibe vuto, chifukwa bikoni iliyonse yadziimira payokha. Mabikoni akakhala ambiri ndipo ali mu Excel, pangani ndandanda ina yolumikiza Easting, mpatuliro ndi Northing. Ngati Easting ili mu B ndipo Northing mu C, lembani =B2&","&C2 n'kukokera pansi. Koperani ndandandayo, yambani PLINE, dinani pamzere wa malamulo n'kumata. Puloti yonse ijambulika kamodzi, ndipo mwapewa kulakwitsa kwa zala.

Kumbukirani kuti puloti ili m'mamita pamene nyumba munaijambula m'mamilimita. Zisungeni m'mafayilo awiri. Mukafuna kuika nyumba papuloti, ichepetseni ndi SCALE pa 0.001, musakulitse pulotiyo, chifukwa makodineti a saveya angatayike. Mukadzapanga Zoom Extents (Z, Enter, E, Enter ija) n'kuona sikirini yopanda kanthu kupatula timadontho tiwiri m'ngodya, musachite mantha kuti ntchito yafufutika: chinthu china chatsala pafupi ndi 0,0 pamene puloti ili kutali ndi mamita mamiliyoni asanu ndi atatu.

Masaveya amawerenganso madigiri mosiyana ndi AutoCAD. Bearing yawo imayambira kumpoto n'kumazungulira motsata mivi ya wotchi. Mukapatsidwa mtunda ndi bearing m'malo mwa makodineti, chotsani bearing pa 90. Bearing ya 120 ikhala -30, ndiye malire a mamita 25.4 mulemba @25.4<-30, kapena @25.4<330, n'chimodzimodzi. Njira ina n'kulowa mu UNITS, kuchonga Clockwise, n'kusankha North pa Direction, kenako kumalemba ma bearing momwe alili. Zimenezi zimasungidwa m'fayilo momwemo, choncho muuzeni aliyense amene adzaitsegule pambuyo panu.

Ngati # kapena absolute ikukafikabe kolakwika

Nthawi zambiri ndiye kuti wina anasuntha UCS, dongosolo louza pulogalamu pamene pali 0,0 ndi kumene X ndi Y zalunjika. Absolute imayeza kuchokera pa 0,0 ya UCS imene ikugwira ntchito panthawiyo, ndipo ojambula ena amaisuntha kapena kuitembenuza kuti igwirizane ndi khoma lopendekeka. Yang'anani kachizindikiro ka X ndi Y pa sikirini: kakakhala ndi kabokosi kakang'ono pamphambano yake, muli mu World, 0,0 yeniyeni ya chojambulacho. Kabokosiko kakasowa, lembani UCS, Enter, W, Enter. Ngati mukufuna kusiya UCS momwe ilili koma mfundo imodzi ilowe molingana ndi World, yambani ndi nyenyezi: *584210.35,8454118.60.

Amene mukugwiritsa ntchito LibreCAD, yomwe ndi yaulere, zambiri mwa izi zikugwirani ntchito: manambala okha ndi absolute, @ ndi relative, ndipo < ndi wa madigiri. Ubwino wake, imakuonetsani kachizindikiro kofiira pamalo pomwe @ akuyezera.

Mukamaliza kulowetsa mabikoni, musayambe kujambula china musanayese. Tengani DI muyeze mbali iliyonse ya puloti, muyerekeze ndi mitunda imene saveya analemba papepala lake. Kenako lembani AREA, sankhani Object, dinani mzere wa pulotiyo. Nambala imene ituluke ili m'masikweya mita. Igaweni ndi 10000 kuti mupeze mahekitala, muone ngati akufanana ndi amene ali pachikalata cha malo. Kusinthanitsa Easting ndi Northing sikuonekera pamitunda kapena pakukula, ndiye pomaliza dinani bikoni imodzi ndi ID, muwerenge X ndi Y mokweza, mnzanu akuyang'ana papepala la saveya.